Kwa aphunzitsi a solfa a ku Matawale: ndemanga ya wophunzira amene analephera kulowa kwaya ulendo woyamba

M'chaka changa choyamba pa yunivesite ku Chirunga, mumzinda wa Zomba, ndinapita kukayesedwa mawu kuti ndilowe imodzi mwa makwaya a ophunzira, ndipo ndinapita modzidalira kwambiri chifukwa kwathu ndinali nditaimba m'kwaya ya mpingo kwa zaka 6, moti amayi a mvano ankakonda kunena kuti tena wanga amamveka mpaka kumsewu. Wotsogolera kwayayo anandimvetsera ndikuimba ndime imodzi ya nyimbo imene ndinasankha ndekha, anagwedeza mutu mosonyeza kukhutira, kenako anandipatsa pepala la solfa, njira yolembera nyimbo, lodzaza ndi zilembo za d, r, m, f, s, l ndi t, zolekanitsidwa ndi timizere ndi timadontho, n'kundipempha kuti ndiimbe mzere wachitatu, umene ndi wa tena. Ndinangoti kakasi. Kwathu nyimbo tinkaiphunzira ndi khutu: wotsogolera ankaimba, ife n'kumabwereza mpaka italowa m'mutu, ndipo palibe tsiku limene wina anatigwiritsapo pepala. Anandiuza mwaulemu kuti mawu ndili nawo, koma kwaya imene imaphunzira nyimbo zatsopano zingapo m'masabata ochepa singathe kudikira munthu mmodzi kuti aloweze, choncho ndidzabwerenso ndikadzadziwa kuwerenga.

Mnzanga amene tinkachita naye lendi ku Chikanda ndiye anandilozera kwa bambo ena opuma pantchito ya uphunzitsi, amene amaphunzitsa nyimbo kunyumba kwawo mbali ya ku Matawale. Malowa alibe chikwangwani kapena dzina lolembedwa pakhoma. Ophunzira amangoti "kwa aphunzitsi", ndipo wakabaza wa m'derali akamva mawu amenewa amadziwa kokutulani. Ndinaphunzirako miyezi 5, kawiri pa sabata, ndipo mwezi umodzi mwa imeneyi ndinawonjezerapo kiyibodi ndi lipenga kuti ndione ngati ndingadzalowenso bandi. Chigamulo changa ndi chakuti wophunzira wofuna kulowa kwaya sadzadandaula ndi ndalama yake kumeneku, koma wofuna bandi kapena orchestra (gulu lalikulu la oimba zida) aganize kawiri asanalipire, pa zifukwa zimene ndifotokoze m'munsimu.

Kalasi yake ndi galaja yakale imene anaiika denga la malata atsopano ndi mawindo awiri. Muli mabenchi anayi, bolodi lakuda, makiyibodi awiri a Yamaha, magitala atatu, lipenga limodzi, vayolini yosungidwa pamwamba pa kabati, ndi bangwe wopachikidwa pakhoma. Chimene chimakopa maso mukangolowa ndi tchati chachitali chansalu cholembedwa doh, ray, me, fah, soh, lah, te kuchokera pansi kukwera m'mwamba, chimene aphunzitsiwo amalozapo ndi kandodo kansungwi. Pa nthawi imene ndinkaphunzira, kalasi ya gulu inali K12,000 pa mwezi, pamene phunziro la chida choimbira la munthu payekha linali K5,000 pa ola, ndipo ankalandira ndalama pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Kwa wophunzira amene akudikira ngongole ya boma ndalamayi si yochepa, makamaka mukaphatikizapo ya kabaza, chifukwa kuchokera ku Chikanda wapansi ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 40. Mayi a pakhomopo ndiwo amasunga kaundula wa malipiro, ndipo ankatilola kulipira mwa theka, bola munthu anene msanga tsiku lodzamaliza.

Masabata atatu oyamba sitinaimbe nyimbo ngakhale imodzi, ndipo kunena zoona ndinatsala pang'ono kusiya. Aphunzitsiwo ankagunda batani limodzi pa kiyibodi, n'kunena kuti ameneyo ndiye doh, kenako ankaloza pa tchati ndi kandodo kaja, ife n'kumaimba chimene alozacho. Poyamba ankakwera motsatira dongosolo, kenako ankalumphalumpha, kuchoka pa doh kupita pa lah, kutsikira pa fah, kubwerera pa te wapansi, ndipo apa m'pamene zinkaonekera kuti ambiri mwa ife tinkadziwa kuimba nyimbo koma sitinkadziwa mtunda umene uli pakati pa liwu lina ndi linzake. Akaona kuti tazolowera, ankagunda batani lina n'kunena kuti doh wasamuka, tiyambirenso. Ubwino wonse wa solfa wagona pamenepa: doh si liwu lokhazikika ngati C kapena F pa kiyibodi, koma ndi pakhomo pamene nyimbo imachokera ndi kubwererapo, moti pamwamba pa pepala amangolemba kuti doh ndi F kapena doh ndi G, ndipo woimba amene wamva mtunda wa pakati pa doh ndi soh adzaupeza m'kiyi iliyonse.

Njirayi inachokera ku England, kumene mayi Sarah Glover wa ku Norwich anaiyambitsa pophunzitsa ana, ndipo m'busa John Curwen anaikonzanso n'kuifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Kuno inabwera ndi amishoni, kuphatikizapo a ku Scotland amene anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876 n'kudzatsegulanso ina ku Domasi, kufupi ndi Zomba konkuno. Inamera mizu chifukwa inali yotsika mtengo: siinkafuna piyano, ndipo nyimbo yonse ya mawu anayi inkatheka kulembedwa ndi choko pa bolodi kapena kutayipidwa pa taipilaita wamba. Aphunzitsiwo anaiphunzira m'sukulu ya mishoni ali mwana, ndipo mpaka lero amagwiritsa ntchito zizindikiro za manja za Curwen: nkhonya ya doh, chikhatho choyang'ana pansi cha me, chala choloza pansi cha fah, dzanja lolendewera la lah, ndi chala choloza kumwamba cha te. Ndinkaziona ngati masewera a ana a mkaka mpaka tsiku limene magetsi anazima, kiyibodi n'kukhala chete, iwo n'kutiimbitsa mawu awiri osiyana nthawi imodzi, dzanja lamanja likutsogolera asopurano ndipo lamanzere likutsogolera abesi.

Mbali imene ndinapindula nayo kwambiri, imenenso makwaya ambiri a m'mipingo amaidumpha, ndi kawerengedwe ka nthawi. Anthu ambiri amene amati amadziwa solfa amatha kutchula zilembo zokha, koma utali wa liwu lililonse amachita kuumva kwa anzawo. Aphunzitsiwo amathera mwezi wathunthu pa timizere ndi timadontho tija. Mzere woimirira umagawa nyimbo m'zigawo, madontho awiri oimikizana amalekanitsa kugunda kumodzi ndi kunzake, dontho limodzi limagawa kugundako pakati, mpatuliro umakugawanso kachiwiri, ndipo kamzere kopingasa kamatanthauza kuti liwu lapitalo lipitirire. Malo opanda kanthu ndi kupuma, ndipo iwo amaumirira kuti kupumako kuwerengedwe mofanana ndi liwu, chifukwa, monga amanenera, kwaya zambiri zimagwa pamene palibe choimba. Tinkaomba m'manja mzere wonse tisanatsegule pakamwa. Munthu akalakwitsa samukalipira, amangomuuza kuti, "Bwerezani, bambo, tikukudikirani," ndipo kudikiridwa ndi anthu 14 ali chete kumaphunzitsa msanga kuposa kukalipiridwa.

M'sabata yachisanu anandiimika ndekha n'kundiuza mawu amene anandipweteka kwa masiku angapo. Anati, "Achimwene, inu simuimba tena ayi, mukuimba sopurano ndi mawu a mwamuna." Kwa zaka 6 zonse zija ndinkangotsatira maimbidwe a amayi ndi mawu otsika, ndikumawonjezera timakhotakhota tanga kumapeto kwa mzere, ndipo popeza ndinali ndi mawu amphamvu palibe amene ankaona vuto. Tena weniweni nthawi zambiri amaimba mzere wosasangalatsa pawokha, umene umatha kukhala pa soh kwa nthawi yaitali n'kungosuntha pang'ono, ndipo kukoma kwake kumamveka pokhapokha ena atatu aja akalowa. Atandiyeza kuyambira pansi mpaka pamwamba anapeza kuti mawu anga amakhazikika bwino cha m'munsi ndipo amayamba kufinyika ndikakwera, choncho anandisamutsira ku besi. Kuyeza kumeneku amachitira wophunzira aliyense popanda malipiro owonjezera, ndipo ndikuona kuti pakokha n'kokwanira ndalama ya mwezi umodzi, chifukwa ndaonapo anzanga akusasa mawu chaka chonse poumirira mzere umene si wawo, ena chifukwa chongofuna kuima pafupi ndi mnzawo.

Chinanso chimene sindinkachiyembekezera ndi chidwi chawo pa katchulidwe ka Chichewa poimba. Chinenero chathu chimasiyanitsa mawu ena ndi kukweza kapena kutsitsa liwu, monga mtengo womera ndi mtengo wa katundu, kapena khungu la thupi ndi khungu la maso. Nyimbo zambiri za m'mabuku a mipingo zinamasuliridwa n'kuvekedwa maimbidwe a ku Ulaya amene sankalabadira zimenezi, moti nthawi zina liwu limakwera pamene wolankhula akanatsitsa, ndipo kutsindika kumagwera pa phatikizo lomaliza pamene ife timatalikitsa lotsatizana ndi lomaliza. Aphunzitsiwo sangasinthe nyimbozo, koma amatiwerengetsa mawu ake mokweza ngati tikulankhula tisanaimbe, kuti pakamwa pakumbukire mmene mawuwo amamvekera akakhala amoyo. Anatiimbitsanso nyimbo ya fuko, imene Michael Sauka anapeka ndipo dziko linayamba kuigwiritsa ntchito mu 1964, m'mawu onse anayi, ponena kuti wa kwaya ya pa yunivesite sangaithawe pa miyambo ikuluikulu ya ku Great Hall. Ndinachita manyazi kuzindikira kuti nyimbo imene ndaimba kuyambira Sitandade 1 ili ndi mzere wa besi umene ndinali ndisanaumvepo.

Lachinayi lililonse magulu onse amakumana pamodzi n'kuimba ngati kwaya, ndipo tsikuli ndilo limafanana kwambiri ndi zimene munthu amakakumana nazo ku koleji. Pepala latsopano limagawidwa, gulu lililonse limapatsidwa mphindi 10 panja pansi pa mtengo wa mango, kenako onse amabwerera n'kuphatikiza. Aphunzitsiwo amakonda kutisakaniza, wabesi pakati pa aalto awiri, kuti pasakhale wotsamira pa mnzake. Akamva kuti kwaya yatsika kiyi saimitsa nyimbo, amadikira ithe n'kugunda doh woyamba uja pa kiyibodi kuti tidzimvere tokha pamene tagwera. Amene amabwera si ophunzira a yunivesite okha, chifukwa palinso anamwino, aphunzitsi a pulayimale ndi achinyamata a m'makwaya a mipingo ya m'tauni, koma ambiri ndi ife a zamalamulo, zachuma ndi zasayansi, amene timakonda kuimba koma sitinasankhe nyimbo ngati phunziro. Bambowo amati anali mnyamata pamene Chancellor College inkasamukira ku Zomba kuchoka ku Chichiri mu 1973, ndipo nthawi zina amaiwala n'kumaitchulabe ndi dzina lakalelo, ngakhale kuti kuyambira 2021 sukuluyi inatsala yokha ndi dzina la University of Malawi.

Tsopano ndinene za zida, kumene kuli madandaulo anga. Maphunziro a zida saphunzitsa bambowo koma mphwawo, mnyamata waluso ndithu pa kiyibodi, amene amaimbanso m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Pa maphunziro 8 amene ndinalipira, anabwera pa 5, ndipo atatu otsalawo ndinauzidwa kuti adzabwezeredwa tsiku lina limene silinafike. Ndalama sabweza. Imodzi mwa makiyibodi aja ili ndi mabatani awiri akufa chapakatikati penipeni pamene wophunzira amayambira, ndipo magetsi akazima phunziro limathera pomwepo chifukwa palibe batire kapena sola. Kaphunzitsidwe kake ndi koloweza makodi (mabatani angapo ogundidwa pamodzi) atatu kapena anayi m'kiyi imodzi, kenako kugwiritsa ntchito batani losamutsira kiyi pa nyimbo zina zonse. Njira imeneyi imathandiza munthu kuperekeza kwaya ya mpingo pakangotha mwezi, koma m'bandi ya ophunzira, mmene wagitala ndi woimba amatha kusintha kiyi pakati pa nyimbo, imakusiyani pambalambanda.

Lipenga ndi limodzi, ndipo ophunzira onse amasinthana kamlomo kake komweko atangokapukuta ndi kansalu, zimene sindinasangalale nazo. Choipa kwambiri n'chakuti palibe amene anandifotokozera kuti lipenga lotere ndi la B flat, kutanthauza kuti woliza akaimba liwu lolembedwa C, chimene chimamveka ndi liwu lotsika ndi sitepe imodzi yathunthu. Ndinatha masabata awiri ndikudabwa chifukwa chimene ine ndi wakiyibodi sitinkagwirizana ngakhale tinkawerenga pepala limodzi, mpaka msilikali wina wopuma amene amabwera Lachinayi anandimasulira m'mphindi zitatu. Vayolini ija ili ndi nsambo zitatu m'malo mwa zinayi, ndipo ndinauzidwa kuti yachinayi akuidikira kuchokera kunja. Wofuna orchestra adziwenso kuti solfa yokha siingamufikitse, chifukwa oimba zida amawerenga manotsi a pa mizere isanu, ndipo kumeneku manotsiwo amangowakhudza m'masabata awiri omaliza, mothamanga, ngati munthu amene akutseka sitolo mvula ikubwera.

Bangwe wa pakhoma uja amandiwawa mtima mwa njira ina. Nditafunsa ngati amaphunzitsa, aphunzitsiwo anaseka n'kunena kuti anali wa malume awo ndipo nsambo zake zinachita dzimbiri kalekale. Komatu magulu a ophunzira akamakonzekera zoimba pa masiku a chikhalidwe amasowa kwambiri munthu wodziwa ng'oma, bangwe, kaligo kapena visekese, pamene oliza kiyibodi amachita kulimbirana chida chimodzi. Zomba ndi malo amene mabandi a asilikali a King's African Rifles anasiya chizindikiro chachikulu, moti gule wa beni, amene amavinidwa kwambiri pakati pa Ayao a chigawo chino, amatsanzira perete ndi ng'oma za asilikaliwo. Ndi mzinda womwewunso umene akaidi ndi oyang'anira ndende yake yaikulu anajambula nyimbo zimene zinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy mu 2016. Malo ophunzitsa nyimbo m'tauni yotere akanayenera kupatula ngakhale ola limodzi pa sabata la zoimba zathu, ndipo odziwa kuziphunzitsa sali kutali.

Nthawi ya makalasi ndi vuto lina limene wophunzira aliyense aliganizire asanalembetse. Amayamba 4:30 madzulo n'kumaliza 6 koloko, ndipo semesita imene ndinali ndi phunziro lothera 5 koloko Lachiwiri ndinkafika atamaliza kale za pa tchati. M'miyezi ya June ndi July mdima umagwa msanga, ndipo m'dzinja mvula ya m'phiri ikatsika malata a galaja ija amachita phokoso loti doh samveka. Mayi a pakhomopo salola atsikana kubwerera okhaokha usiku, amaonetsetsa kuti anyamuka m'gulu kapena akwera kabaza wodziwika, ndipo pa ichi ndiwayamikire. Koma nthawi ya mayeso a kumapeto kwa semesita malipiro saima, ngakhale aliyense akudziwa kuti theka la kalasi silibwera. Ine ndingalangize kuti munthu alembetse kumayambiriro kwa semesita, aphunzire miyezi itatu yotsatizana, ndipo afunsiretu kwa wotsogolera kwaya imene akuifuna masiku amene amakumana, chifukwa kwaya yokhayo imadya madzulo awiri kapena atatu pa sabata, osawerengera ndalama ya yunifolomu ndi maulendo.

Ofuna kupitako atenge kope la masamu la timabokosi ndi pensulo, chifukwa aphunzitsiwo salola bolopeni ndipo amafuna kuti kugunda kulikonse kukhale m'kabokosi kake. Mapepala a nyimbo amagawa okha, koma amawatolera kalasi ikatha, choncho chimene mukufuna kukayeserera kunyumba muyenera kukopera pamanja. Poyamba ndinkaona ngati ndi kuumira pa ndalama ya fotokope, koma kukoperako ndiko kunandizoloweretsa kuona timadontho timene maso ankangotidumpha.

Nditabwerera kukayesedwanso, wotsogolera yemwe uja anandipatsa pepala lina n'kundiuza kuti ndiimbe mzere wachitatu. Ndinamupempha kuti ndiimbe wachinayi, wa besi, ndipo anandiyang'ana kaye asanavomere. Anagunda doh kamodzi kokha. Ndinayenda bwino mpaka chapatsogolo, pamene panali fe, fah wokwezedwa pang'ono uja amene aphunzitsi ankati amagwetsa ngakhale akatswiri, ndipo ndinamuphonya. Sindinaime, ndinawerengabe nthawi ndi chala pa ntchafu monga tinkachitira m'galaja, n'kukamupeza soh pa kugunda kotsatira. Wotsogolerayo analemba dzina langa pansi pa abesi n'kundiuza kuti tikumana Lolemba 6 koloko madzulo. Kwa aphunzitsi ndimapitabe Lachinayi ndikapeza mpata, pa K1,500 ya tsiku limodzi imene amalipiritsa ophunzira akale, koma za lipenga ndinakapangana ndi msilikali wopuma uja, amene amandiphunzitsa Loweruka m'mawa pakhonde pake ku Chinamwali ndi kamlomo kangakanga kamene ndinaitanitsa ku Blantyre.